Ndinathira Mchere Kasanu ndi Kawiri

"Amake Ndaziona, kodi n'zoona zimene tikumvazi, zoti masiku ano mumathira nokha mchere m'ndiwo ngakhale muli kumwezi?"

Anandifunsa choncho anaBanda, anansi anga a kuseri kwa nkhokwe, tili pamtondo sabata yatha. Anafunsa motsitsa mawu, maso ali m'lichero, ngati akufunsa za maliro. Ndinawayankha kuti n'zoona, koma chifukwa chake sichonenera pamtondo. Ndinati ndidzanena amayi onse atasonkhana, popeza pali munthu amene ndinamulonjeza kuti ndidzatero. Munthuyo ali pano, wakhala apo pafupi ndi khomo, mwana ali pamiyendo. Ndi mng'ono wanga Lusiya.

Mawuwa ndawalemba papepala limene ndinapempha kwa aphunzitsi, chifukwa ndikati ndilankhule ndikukuyang'anani m'maso, zina ndizidumpha. Sukulu ndinangoilawa, ndiye mukaona ndikukakamira powerenga mundipirire.

Ndinakula monga munakulira nonsenu. Kuchinamwali anatiuza kuti mkazi wotentha sathira mchere. Ukakhala kumwezi, kapena ukagona ndi mwamuna amene si wako, dzanja lako lasanduka mpeni. Ukathira mchere, wodya ndiwozo amadulidwa, amatupa, mapeto ake ndi kumanda. Anzanga ankamva ndi khutu limodzi. Ine ndinasunga mawuwo ngati mbewu. Ngakhale nditayamba kupita kukapemphera, za mcherezi sindinazisiye pakhomo la tchalitchi ayi, ndinkalowa nazo n'kutuluka nazo.

Amuna anga anali aMbewe, mkamwini wochokera cha kwa Kaphuka, munthu wosalankhulalankhula. Mwana wathu woyamba, Ndaziona, ali wokwawa, aboma anawatenga kukasenza katundu wa nkhondo kumpoto. Munda tinalima awiri ndi Lusiya, amene nthawiyo anali namwali wogona kugowelo. AMbewe anabwera patapita miyezi isanu ndi itatu, owonda, mapewa ali zipsera zokhazokha. Anabweretsa nsalu ziwiri. Ina anapatsa ine, ina anaponyera Lusiya.

"Iyi ndi ya mkazi wanga wamng'ono, wondilimira munda," anatero.

"Mwamuna wa nthiti zowerengeka ine sindimfuna," anayankha Lusiya.

Zinali zachilamu, monga mudziwa. Tonse tinaseka, ndipo amene anaseka kwambiri ndinali ine.

Sipanapite nthawi ndinaima, Ndaziona akuyamwabe. Amayi anati mkaka wa mkazi wapakati ndi woipa, mwana aleke lero lomwe. Tinapaka tsabola kubere. Kuyambira tsikulo chakudya chake chinali phala la ufa woyera, lamadzimadzi, m'mawa ndi madzulo. Mtedza tinali nawo chaka chimenecho, chikwatu chathunthu chili lende kudenga, koma unali wa mbewu ndi wa alendo. Mimbayo inandisautsa, ndinkangosanza, ndiye ankaphika ndi Lusiya.

Itatha miyezi iwiri tsitsi la Ndaziona linafiira, n'kufewa ngati ndevu za chimanga. Mapazi anatupa, kenaka masaya. Analeka kulira kwenikweni, ankangobuula. Anabwera anamkungwi, anadina phazi ndi chala, pamene anadinapo n'kukhala pali dzenje.

"Mwanayu wadulidwa," anatero. "Amathira mchere ndani m'nyumba muno?"

Maso onse anapita kwa Lusiya, ndipo m'mutu mwanga munabwera nsalu ija.

Anawakhazika pansi aMbewe kuti aulule. Iwo anati, "Kunkhondo ndinasenza mabokosi, sindinasenze mkazi wa munthu. Mlamu wangayu ndi mwana." Lusiya anagwada, anagwira miyendo yanga, ine ndinamukankha. Mankhwala a mdulo anakumbidwa, onse awiri anawamwetsa, mwana anamusambitsa ndi kumumwetsa. Zonse zimene mwambo umafuna tinachita, osasiyako n'chimodzi chomwe. Ndaziona anamwalira nyemba zikuchita maluwa.

Zimene ndinachita pambuyo pake ambiri mwa inu munaziona. Nsalu ya Lusiya ndinaitentha pabwalo, ndikumutchula maina amene sindingawalembe papepala la aphunzitsi. Mnyamata amene anamufunsira anabweza mawu. AMbewe ndinawaikira khasu, nkhwangwa ndi mphasa panja. Atsibweni anayesa kundiletsa, ine ndinati aMbewe akagona m'mudzi muno ndikadziponya kuphompho. Anapita kwawo ndili ndi mimba yawo. Mwana atabadwa ndinamutcha Nditani.

Mungaganize kuti mtima unaphwa. Sunaphwe. Pali anthu amene akakwiya amalalata, mawa aiwala. Ine si wotero. Ine ndine munthu wodikira nyemba mpaka zipse, wosavundukula mphika. Anthu amanditama kuti ndine wodekha. Kudekha komweko n'kumene ndinasulira nako mpeni.

Lusiya anadzakwatiwa ndi aMwale a kutsidya kwa mtsinje, aja anthu ankawaseka kuti amacheza ndi nkhunda ndi mbuzi kuposa anthu. Anamutengera kwawo, popeza kuno kunalibe amene ankamupatsa moni. Anabereka mwana wamwamuna, Yohane. Tsiku limene ndinamva nkhaniyo ndinali ndikupalira, ndipo ndinaimika khasu, n'kunena mumtima kuti mwana amalipidwa ndi mwana. Iye anandidulira ndi mchere, inenso ndidzamudulira ndi mchere.

Koma khanda la pabere silidya ndiwo. Ndinayenera kudikira kuti likule, ndipo ndinadikira chaka ndi miyezi. M'katimo munadutsa chimfine chija chinatha anthu, n'kutenga amayi athu. Pamaliro pawo m'pamene ndinatchera msampha wanga. Ndinapita pamene anakhala Lusiya, ndinamugwira dzanja anthu akuona.

"Mng'ono wanga, chibale ndi fupa, sichiola. Zakale zipite ndi amayi."

Analira, mutu ali pamaondo panga. Amayi ena amene muli pano munalira naye. Ine ndinkayang'ana mwana amene anali kumsana kwake, kuwerenga mano.

Tsopano ndifike ponyansa. Kuti mchere udule, dzanja liyenera kutentha, ndipo ine ndinalibe mwamuna. Kunali munthu wina wogulitsa makasu, wochokera kwa Apwitikizi, amene ankadutsa kuno mwezi ndi mwezi. Dzina lake lenileni sindilidziwa. Anali wa mano owola, wonunkha fodya. Sanandinyengerere iye, ndinamuitana ndine, masana dzuwa lili paliwombo, m'bango la kudimba. Sindinamuone ngati munthu. Ndinamuona ngati mwala wonolera.

Nditachoka m'bangomo sindinasambe. Ndinawoloka mtsinje podumpha miyala kuti madzi asandikhudze, n'kulunjika kwa Lusiya. Ndinamupeza akuphika nkhwani.

"Akulu, mwabwera bwino," anatero. "Ine ndili kumwezi, ndimati ndiitane mwana wa eni. Ndithirireni mchere inu, ndinu wozizira."

Anandipatsa yekha chigoba cha mchere m'manja. Ndinathira, ndinavundula. Ndiwo zitapsa ndinamukhazika Yohane pamwendo panga, n'kumudyetsa ndi chala changa. Anadya, ananyambita ndi chala chomwe. Nditafika kunyumba ndinatenga luzi n'kumanga mfundo imodzi.

Ndinadikira mwezi. Wamakasu atabweranso ndinachitanso chimodzimodzi. Masiku ena Lusiya sanali kumwezi, ndiye ndinkati, "Khala pansi upume, ndikuphikire." Ulendo uliwonse ndinkamunyamula Yohane ngati ndikusewera naye, ndikumudina phazi, ndikumupenda tsitsi.

"Mwanayu mumamukonda kuposa ine make," ankatero Lusiya.

Phazi linali gwa. Tsitsi lakuda bii. Mfundo zitakwana zinayi mwana anali akuthamangitsa nkhuku, akandiona patali ankabwera manja ali m'mwamba. Ine sindinaganize kuti mwina chiphunzitso n'cholakwa. Ndinaganiza kuti mchere ukuchepa. Ndinayamba kuthira wodzaza dzanja, mpaka tsiku lina aMwale anaika pansi mbamu.

"Alamu, kodi mwakwatiwa ndi mwini sitolo wa kuboma osatiuza? Mcherewu ngati tikufutsa nyama."

Lusiya anaseka mpaka kutsokomola. Inenso ndinaseka.

Nanga kwanga kunali bwanji? Nditani ndinkamusunga ngati dzira. Anali ndi kamphika kakekake. Chibadwire sanalawepo mchere, wa dzanja langa kapena la munthu wina, ndipo sindinkalola kuti alandire chakudya kwa aliyense. Ndikapita kutsidya ndinkamusiya kwa azakhali anga ndi phala lake lophikiratu. Mawere anauma okha. Munda chaka chimenecho unandikanika, popeza mkamwini ndinamuthamangitsa, amayi anapita, ndipo mtima wanga unali kutsidya kwa mtsinje. Mtedza sindinabzale, nyemba zinangokwana kambale. Mwana ankadya phala loyera ndi kachewere wowiritsa, ine n'kumati bola palibe womudula.

Linali tsiku la m'nyengo yozizira, nkhungu itatsika m'phiri, dzuwa lachedwa kutuluka. Pa luzi panali mfundo zisanu ndi ziwiri. Ndinakhala kuseri kwa nyumba pamene pamayamba kufika dzuwa, Nditani ali pamiyendo, ndikufuna kumuchotsa thekenya ndi minga. Ndinagwira phazi lake. Chala changa chachikulu chinalowa ngati m'dothi loumbira. Nditachichotsa, dzenje linatsala.

Ndinalidikira kuti lidzaze. Nkhuku inadutsa, mayi wina anaitana mwana wake kuchitsime, dzenje lili pomwepo. Ndinamuyang'ana kumutu. Tsitsi linali litayamba kale kufiira cha m'mbali mwa makutu. Miyezi yonseyi ndinkapenda mutu wa mwana wa mnzanga, wa mwana wanga osauona.

Choyamba chimene chinandibwerera n'chimene chikanakubwererani inunso: ndamudula ndekha, choipa chatsata mwini. Ndinamuponya kumsana. Kwa anamkungwi sindikanapita, chifukwa akanafunsa funso lija, ndipo m'nyumba mwanga munalibe wina woti maso apiteko. Miyendo inanditengera kutsidya.

Ndinamupeza Lusiya akusinja mtedza. Yohane anali ataima pambali pa mtondo, make akakweza munsi iye n'kutapa nsinjiro, kukamwa kuli mbuu. AMwale anali pamwamba pa khola la nkhunda, akufolera. Sindinapereke moni. Ndinakhala pansi, ndinamutsitsa Nditani, ndinamukoka Yohane, n'kuika mapazi awo pamodzi. Ndinadina la Yohane, linabwerera. Ndinadina la Nditani, dzenje. Kenaka ndinatulutsa luzi lija m'chiuno, n'kunena zonse, kuyambira dzanja limene ndinamugwira pamaliro a amayi mpaka bango la kudimba.

Lusiya sanandidule mawu. Munsi unali chiimire m'manja mwake.

"Kangati?" anafunsa.

"Werenga mfundozo."

Anatola luzi, anawerenga ndi chala, imodziimodzi.

"Nanga wanuyu munamuthirira kangati?"

"Sanaulawepo."

"Ndiye wodya mchere wanuwo ndi uyu akuba nsinjiroyu. Wosaudya ndi uyo watupayo." Anaponya luzi pansi. "Akulu, ine ndinakuuzani ndili chogwada kuti alamu sanandikhudze. Ndaziona ndinkamubereka kumsana ndine. Zaka zitatu ndakhala ndikuliyang'ana dzanja ili, kulifunsa kuti linalakwa chiyani. Ndinafika pomaganiza kuti kapena ndinatentha osadziwa."

Anakweza munsi. Ndinaweramitsa mutu, ndipo kunena zoona ndinkafuna kuti utsike pa ine. Anautsitsira mumtondo, kamodzi, mtedza n'kudumphira pansi.

AMwale anatsika pakhola paja atamva zonse. Sanandiyang'ane ine, anayang'ana mwana. Anamugwira tsaya, anamutembenuza.

"Kambuzi mukakachotsa kwa make msanga, n'kumakapatsa udzu wouma wokhawokha, kamatupa mimba, ubweya n'kufiira," anatero. "Sindinamvepo kuti mbuzi inathira mchere. Mwanayu amadya chiyani?"

Amayi anzanga, funso limenelo palibe anandifunsapo nthawi ya Ndaziona. Tinakhala anthu oposa khumi m'nyumba muja, tikufunsana wathira ndani, wagona ndi yani, chikwatu cha mtedza chili pamwamba pa mitu yathu. Nditayankha aMwale kuti phala ndi kachewere, m'maso mwanga munaoneka chikwatu chija, mmene chinkagwedezekera munthu akatsegula chitseko. Pamenepo m'pamene chinaduka mwa ine chimene ndinachigwira kuyambira kuchinamwali. Sindinachisiye chifukwa wina wandilalikira. Ndinachiyesa ndekha kasanu ndi kawiri, ndi mtima wonse wofuna kupha, n'kukanika.

Lusiya ndiye anagamula. Anati, "Mwanayu atsala kuno. Adzadya chimene adya Yohane. Mankhwala a mdulo samwa, Ndaziona anamwa okwanira. Inu muzibwera m'mawa uliwonse, ndipo mchere muzithira ndinu, ine ndikuona. Akachira mukaima pamaso pa amayi onse amene anaonerera nsalu yanga ikupsa, mukanena zonse, ndi za wamakasuyo. Akapanda kuchira tidzalira, koma mukanenabe."

Ndinavomera. Ndi chimene ndaimira pano.

Tinayamba pang'onopang'ono, chifukwa mwana wotupa safuna kudya, ndipo ukamukakamiza zambiri amatsegula m'mimba. Phala lothira nsinjiro, pang'ono, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku. Mkaka wa mbuzi wowiritsa. Msuzi wa chiunda. Nyemba zochotsa makoko, zopota. Dzira ndinakana poyamba, ndinati ana sadya mazira, Lusiya n'kungondilozera Yohane ndi mlomo. Sabata yoyamba kutupa kunaphwa, mwana n'kuoneka mafupa okhaokha, ine n'kuti basi wapita. AMwale anati aja anali madzi, mwana weniweni ndi ameneyu, tiyambire pamenepa. Sabata yachitatu Nditani analanda chitsononkho kwa Yohane n'kumumenya nacho pamphumi. Yohane analira, Lusiya anaseka, kenaka anakumbukira kuti ndilipo n'kuleka.

Uyo akukoka mpango wa azakhali angawo ndi Nditani. Tsitsi lofiira tinalimeta, lamera lakuda.

Wamakasu atabweranso ndinamuuza kuti akadzaima pakhomo panga ndidzamutema ndi khasu lake lomwe. Kudimba ndinabzala nyemba, mbewu ya mtedza ndasunga kale, ndipo aMwale anandipatsa nkhunda ziwiri, yaimuna ndi yaikazi. Kenaka ndinabereka Nditani kumsana n'kuyenda wapansi mpaka kwa Kaphuka. AMbewe ndinawapeza akusema mpini. Ali ndi mkazi wina ndi khanda. Ndinagwada pabwalo, ndinanena zimene ndanena panozi. Anamva osaleka kusema.

"Ndinakuuzani," anatero. Anamuyang'ana mwana nthawi yaitali. "Dzina lake ndani?"

Ndinawauza. Anagwira msoti n'kumupatsa. Mkazi wawo anandipatsa madzi akumwa. M'nyumba sanandilowetse, ndipo ndinabwerera tsiku lomwelo.

Ndikudziwa zimene zinenedwe pochoka pano. Ena muti Yohane anali wokhwima ndi mankhwala. Analibe ngakhale kachingwe m'chiuno, ndinkamusambitsa ndine. Ena muti Mulungu anamutchinga. Indedi ndimathokoza Mulungu kuti sindine wopha mwana, koma ndikufunseni, nanga mwana wa mayi wamasiye uja wa kumunsi, amene anatupa chaka cha njala m'nyumba mopanda mwamuna, anamudula ndani? Tinaona tonse, tinangokhala chete. Ine sindine sing'anga, ndipo sindikuti nthenda iliyonse imachira ndi mtedza. Za miyambo ina sindikunenapo kanthu. Ndikunena za ichi chimodzi, chifukwa ndinachigwira ndi dzanja.

Musaganizenso kuti ndasanduka munthu wofatsa. Mkwiyo uli momwemo, ndangoupezera mwini wake. Mwini wake ndi funso lija loti amathira mchere ndani. Linandidyera mwana, ndipo ndidzalisaka monga ndinasakira mwana wa Lusiya, modekha, chaka ndi chaka. Nyumba iliyonse imene lidzafunsidwe m'mudzi muno mudzandipeza pakhomo ndi kambale ka nsinjiro, mundiitane musandiitane. Anamkungwi muli pano, munatiphunzitsa zimene munaphunzitsidwa, ndipo moni ndidzakupatsanibe mogwada. Koma mukadzadina phazi la mwana, ine ndidzafunsa mokweza kuti amadya chiyani.

AnaBanda, inu simunandifunse funso lija chifukwa chofuna miseche. Mdzukulu wanu ndamuona tsitsi, ndipo ndamva kuti mkamwini wanu mwamukhazika pansi kawiri. Musiyeni mwana wa eni. Mawa m'mawa ndikubwera, aMwale alonjeza mkaka.

Lusiya sanandikhululukire, ndipo sindinamupemphe. Amandilola kulowa m'nyumba mwake, amandipatsa mpando, koma Yohane samusiya ndi ine pawiri. Akuchita bwino. Inenso ndikanatero.

Zimene ndinataya ndi izi. Mwana mmodzi, Ndaziona, amene anafa ndi njala pansi pa chikwatu cha mtedza. Mwamuna mmodzi wosalakwa. Nsalu imodzi. Zaka zitatu za mng'ono wanga, ndi mnyamata amene akanamukwatira. Thupi langa, kasanu ndi kawiri, kwa munthu amene dzina lake sindilidziwa. Chatsala ndi Nditani, nkhunda ziwiri ndi msoti.